Paini wa pa Chambe, lantana ndi namasupuni: chomera chachilendo chimalanda bwanji malo?

Dzinja lililonse boma, mafumu ndi mabungwe amatiuza kuti tibzale mitengo. N'chifukwa chake anthu ambiri kuno ku Mulanje anadabwa m'zaka za m'ma 2000 ataona a zankhalango, pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, akugwetsa paini pa Chambe, pamwamba pa phiri la Mulanje, n'kumazulanso timitengo take tongomera tokha. Ena anafunsa kuti kodi mtengo si mtengo basi? Painiyo ankapereka matabwa, nkhuni ndi ganyu kwa ocheka ndi onyamula. Yankho limene linkaperekedwa linali lakuti painiyu ndi wolanda malo, mawu omwewo amene timawamva pa nkhani ya namasupuni mumtsinje wa Shire ndi lantana wa m'malire a minda. Mawuwa amanenedwa kawirikawiri, koma safotokozedwa. Paini ameneyu, Pinus patula, kwawo ndi kumapiri a ku Mexico, ndipo kumeneko amakhala pakati pa mitengo ina popanda womudandaula. Nanga akafika kuno chimachitika n'chiyani? Amasintha ndi iyeyo, kapena ndi malo atsopanowa amene amamutsegulira njira?

Kukhala chachilendo si mlandu

Zambiri zimene timadya ndi kugulitsa zinachokera kutali. Chimanga chinachokera ku Mexico konko, chinangwa ku South America, bulugamu ku Australia, ndipo tiyi amene wakuta Mulanje ndi Thyolo kwawo ndi ku Asia. Anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anamubzala. Zonsezi ndi zachilendo, koma palibe amene amazitcha zolanda malo. Chomera chimapatsidwa dzina limeneli chikachita zinthu zitatu: chithawe pamene chinabzalidwa, chizibereka chokha popanda wochisamalira, kenako chifalikire mpaka kupanikiza zomera za m'deralo kapena kusokoneza madzi, minda ndi ziweto.

Zofika pamenepa ndi zochepa. Mu 1996 akatswiri awiri a ku Britain, Mark Williamson ndi Alastair Fitter, anapereka kayerekezedwe kakuti pa zomera khumi zobweretsedwa, chimodzi chimathawira kutchire. Pa khumi zothawazo, chimodzi chimakhazikika. Ndipo pa khumi zokhazikikazo, chimodzi chimasanduka vuto. Si lamulo lenileni, ndipo ena analitsutsa, koma limasonyeza kukula kwa nkhaniyo. Lipoti la mu 2023 la IPBES, bungwe la mayiko loona za zachilengedwe, linawerenga mitundu ya zamoyo yoposa 37,000 imene yakhazikika kunja kwa kwawo, ndipo yoposa 3,500 mwa iyo ndi imene ikuwononga.

Chimanga chimatiphunzitsa chifukwa chake zina sizithawa. Kholo lake ndi udzu wakutchire wotchedwa teosinte, umene njere zake zikakhwima zimayoyoka zokha n'kumwazika. Alimi akale a ku Mexico, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ankasunga mbewu ya mapesi amene njere zake zinkakhalabe pachitsononkho, popeza ndi zimene akanatha kukolola. Mibadwo itapita, chimanga chinataya luso lodzifesa. Lero chisiyeni m'munda zaka zingapo osachikhudza, chitha. Paini sanadutse m'manja mwa alimi motero. Anabwera ndi zida zake zonse zakutchire.

Zimene paini anabwera nazo

Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo olembedwa m'maselo ake, tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi lake, mu chinthu chotchedwa DNA. Tizigawo ta malangizowa ndi timene akatswiri amatitcha majini, ndipo ndi timene timanena kuti njere ikhale yaikulu bwanji, mtengo uyambe kubereka uli ndi zaka zingati, upirire chisanu kapena ayi. Mwana amalandira majini kuchokera kwa makolo, n'chifukwa chake njere ya paini imamera paini.

Mu 1996 Marcel Rejmánek ndi David Richardson anayerekeza mitundu 24 ya paini imene yabzalidwa m'mayiko osiyanasiyana, theka yolanda malo, theka yosalanda. Anapeza kuti zinthu zitatu zokha zimakwanira kusiyanitsa magulu awiriwa: njere zazing'ono zopepuka, kuyamba kubereka mtengo ukadali wamng'ono, ndiponso kubereka kwambiri pafupipafupi. Pinus patula ali m'gulu la olanda. Njere zake zili ndi kaphiko, ndipo mphepo ya pamwamba pa phiri imazitengera kutali ndi pamene panabzalidwa makolo ake. Pali chinanso chimene chimakhudza Mulanje kwambiri. Zipatso zake zouma zimatha kukhala zotseka pamtengo nthawi yaitali, njere zili mkati, ndipo kutentha kwa moto kumazitsegula. Moto umapha mtengo waukuluwo, koma phulusa likazizira pamamera ana ambirimbiri othithikana. Aliyense wokhala m'munsi mwa phirili amadziwa mmene limayakira usiku m'miyezi ya September ndi October. Moto umenewo, umene nthawi zambiri amayatsa ndi osaka nyama, umathandiza paini.

Mkungudza wa pa Mulanje, Widdringtonia whytei, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi, umafuna malo omwewo: poyera, pofika dzuwa, m'mphepete mwa nkhalango. Koma umakula pang'onopang'ono, ndipo timbande take sitipirira moto kapena mthunzi. Ziwirizi zikamera pamodzi, paini amatalika msanga n'kuphimba mnzakeyo, masamba ake onga singano n'kuunjikana pansi mpaka udzu ndi maluwa a m'phiri kulephera kumera.

Majini okha sakanakwanitsa zonsezi. Mizu ya paini imadalira mitundu ina ya bowa wa m'nthaka kuti ipeze chakudya, ndipo m'mayiko angapo a kumwera kwa dziko lapansi paini woyamba kubzalidwa ankangopinimbira mpaka pamene anthu anabweretsa dothi lokhala ndi bowayo. Choncho munthu anabweretsa mtengo, anabweretsa bwenzi lake la m'nthaka, kenako akuuyatsiranso moto.

Ochepa pofika, ambiri lero

Apa ndi pamene akatswiri a majini anazunguzika kwa zaka zambiri. Chomera chikamapita kudziko lina, sichipita ndi mtundu wake wonse. Pamapita thumba limodzi la njere, kapena timitengo tingapo m'sitima. Majini ambiri a mtunduwo amatsala kwawo. Pamene makolo ali ochepa, ana amakwatirana pachibale, zofooka zobisika zimaonekera, ndipo mtundu umasowa kusiyanasiyana kumene kukanauthandiza pakabwera matenda kapena chilala. Mwa nzeru imeneyi, chomera chachilendo chiyenera kukhala chofooka kuposa eni nthaka. Koma zina zimapambana. Zimatheka bwanji?

Yankho loyamba ndi lakuti zina sizifuna n'komwe kusiyanasiyanako. Ganizirani mmene tiyi wamakono amabzalidwira. Ku Mimosa, a Tea Research Foundation of Central Africa amasankha chitsamba chimodzi chabwino, n'kumadula timphukira take kukazika m'machubu kunazale. Munda wonse wa tiyi wa mtundu wa PC 108 ndi chitsamba chimodzi chimene chadulidwadulidwa. Majini ake ndi amodzimodzi kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Ndi zimene a m'maesiteti amatcha clone. Namasupuni amachita zomwezo popanda nazale. Amatulutsa mphukira cham'mbali, mphukirayo n'kukhala chomera chatsopano, icho n'kutulutsanso zake. Kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anamufalitsa chifukwa cha maluwa ake okongola. Kafukufuku amene anatuluka mu 2010, wa Spencer Barrett ndi anzake a ku China, anayeza namasupuni wa m'mayiko ambiri ndipo anapeza kuti m'malo pafupifupi 80 pa 100 alionse kumene anachita kufikako munali clone imodzi yokha, ndiponso kuti clone imodzi inali itafalikira m'mayiko ambiri otalikirana. Ku Britain kuli chitsamba chochokera ku Japan, Japanese knotweed, chimene chimamera m'ming'alu ya simenti ndi kutsitsa mtengo wa nyumba. Atachiyeza anapeza kuti dziko lonselo ladzaza ndi chomera chimodzi chachikazi chimene chinafika m'zaka za m'ma 1800.

Chimene chimathandiza zomera zotere ndi kutha kusintha kaonekedwe popanda kusintha majini. Namasupuni akakhala payekha pamadzi amakhala wamfupi, mapesi ake otupa ngati zoyandamitsa. Akathithikana ndi anzake amatalika, mapesi n'kuwonda. Chomera n'chimodzimodzi, malo ndiwo asiyana. Katswiri wa zomera Herbert Baker anafotokoza zimenezi mu 1965, kuti udzu woopsa kwambiri ndi umene majini ake amagwira ntchito paliponse. Komabe kufanana kumeneku kuli ndi kuipa kwake. Mdani amene wagonjetsa chimodzi wagonjetsa zonse, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene tizilombo ta Neochetina, tamtundu wa anankafumbwe, timene tinabweretsedwa mu Shire m'zaka za m'ma 1990, tachepetsera namasupuni m'mayiko angapo. Sitinamuthetse, monga akudziwira a kumalo opangira magetsi ku Nkula, kumene zinyalala za m'madzi zimatsekabe makina.

Njira ina: kusakaniza magazi

Lantana anatenga njira yosiyana kotheratu, ndipo kwa ine nkhani yake ndi imene imasonyeza bwino dzanja la munthu. Ndi chitsamba chija chokhala ndi timinga, masamba onunkha mukawafikisa, ndi timaluwa tosakaniza pinki, chikasu ndi kufiira, chimene ambiri anachibzala ngati mpanda. Makolo ake ndi a ku Central ndi South America. Anatengedwa kupita ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo kwa zaka mazana awiri olima maluwa ankakwatitsa mitundu yochokera m'madera osiyanasiyana, imene kwawo sikanakumana, pofuna maluwa okongola. Panatuluka mitundu mazanamazana. Imeneyi ndi imene inatumizidwa ku India, Australia ndi kuno ku Africa m'nthawi ya atsamunda, ndipo itathawa m'minda ya maluwa inapitiriza kukwatirana kutchire. Lantana amene ali m'mbali mwa msewu wa ku Muloza si chomera chimene mungakachipeze chimodzimodzi m'nkhalango ya ku America. Ndi haibulidi, ndipo mlimi aliyense amene anabzalapo chimanga cha haibulidi amadziwa mphamvu imene imabwera magazi awiri akakumana.

Pamwamba pa izo pali nkhani ya makromozomu, timitolo timene DNA imasungidwamo. Munthu ali nawo 46, theka la kwa mayi, theka la kwa bambo. Zomera zimatha kuchita chimene nyama zambiri sizingathe: kuwirikiza mitolo yonse n'kukhalabe zamoyo, nthawi zina zamphamvu kuposa kale. Lantana wina ali ndi makromozomu 22, wina 33, wina 44, wina 55. Chomera chokhala ndi makope ambiri a jini iliyonse chili ndi posungira: kope limodzi likawonongeka lina limagwira ntchito. Chitsanzo chodziwika bwino chinachitikira kugombe la Southampton ku England. Udzu wa m'matope wochokera ku America unakwatirana ndi wa komweko, ndipo cha m'ma 1870 panaoneka haibulidi yosabereka. Patapita zaka pafupifupi 20 haibulidiyo inawirikiza makromozomu ake, inayamba kubereka njere, n'kukhala mtundu watsopano, Spartina anglica, umene lero ukulanda magombe m'mayiko angapo. Mtundu watsopano unabadwa anthu akuona.

Kusakanizika kumeneku ndi kumene kwachititsa lantana kukhala wovuta kumugonjetsa. Ntchito yobweretsa tizilombo tomudya inayamba mu 1902 ku Hawaii, ndipo kuchokera pamenepo mitundu pafupifupi 40 ya adani ake yamasulidwa m'mayiko osiyanasiyana, koma zotsatira zake n'zochepa. Kachilombo kamene kamakonda lantana wa maluwa a pinki kamatha kunyalanyaza wa maluwa ofiira. Pakali pano mbalame zikudya zipatso zake zakuda n'kumafesa njere paliponse, ndipo ng'ombe ikadya masamba ake chiwindi chimawonongeka, khungu n'kumasupuka padzuwa.

Ndiye pali njira ziwiri zotsutsana, ndipo zonse zimafikitsa kumodzi. Amene akufuna jini imodzi ya kulanda malo sadzaipeza.

Kodi chomera chimasintha chikafika?

Chimatha kusintha, ndipo mofulumira kuposa mmene anthu ankaganizira kale. Kusintha kwa mtundu m'mibadwo kumayenda chonchi: mwa ana ambiri, amene majini awo akugwirizana ndi malowo amapulumuka n'kubereka kwambiri, ndipo m'badwo wotsatira umafanana ndi iwowo. Palibe chomera chimene chimaganiza zosintha. Osayenerera amangofa osasiya mbewu. Duwa la ku Ulaya lotchedwa purple loosestrife linafika ku North America m'zaka za m'ma 1800. Mu 2013 Robert Colautti ndi Spencer Barrett anasonyeza kuti la kumpoto, kumene nyengo yofunda ndi yaifupi, tsopano limachita maluwa msanga likadali laling'ono, pamene la kumwera limayamba lakula kaye. Atazibzala m'munda umodzi kusiyanako kunakhalapobe, kusonyeza kuti kuli m'majini, ndipo lililonse linkabereka bwino kudera lake.

Palinso nkhani ya adani. Kwawo, chomera chilichonse chili ndi mbozi, nsabwe ndi matenda amene akhala akuchidya kwa zaka zikwi zambiri. Chikawoloka nyanja ngati njere youma, ambiri mwa adaniwo amatsala. Mu 1995 Bernd Blossey ndi Rolf Nötzold anapita patsogolo ndi ganizoli: ngati palibe wokudya, mphamvu yopangira poizoni wodzitetezera ikungowonongeka, ndiye mibadwo ikamapita zomera zimene zimaika mphamvuyo pa kukula ndi kubereka ndi zimene zidzachuluke. Ganizoli layesedwa pa zomera zambiri. Pa zina latsimikizika, pa zina ayi. Ndipo adani amatha kulondola. Mu 1986 nsabwe za m'mitengo zotchedwa Cinara cupressi zinaoneka m'Malawi, koyamba mu Africa muno, n'kuumitsa mitengo yambiri ya cypress yobzalidwa. Tsoka lake, sizinasiye mkungudza wa pa Mulanje, umene ndi wa banja lomwelo.

Kusintha kotereku kumafuna nthawi, ndipo mwina n'chifukwa china chimene zomera zambiri zimakhalira phee zaka zambiri zisanayambe kufalikira. Ingo Kowarik anafufuza mbiri ya mitengo ndi zitsamba zobweretsedwa kudera la Brandenburg ku Germany ndipo mu 1995 anapeza kuti, pa avereji, mitengo inkatenga zaka 170 isanayambe kudzimerera yokha, zitsamba zaka 131. Kumadera otentha nthawiyi imafupika kwambiri. Tikakumbukira kuti minda ya maluwa ya m'maesiteti a Mulanje ndi Thyolo yakhala ikulandira zomera zakunja kwa zaka zoposa 100, chiwerengerochi chimapatsa maganizo. Si kuchedwa konse kumene kumachokera m'majini: nthawi zina chomera chimangodikira moto, kugumuka kwa nthaka ngati kumene kunachitika ndi namondwe Freddy mu 2023, kapena mbalame yoti iphunzire kudya zipatso zake.

Zimene sizinagwirizanikebe

Akatswiri akutsutsanabe kuti chachikulu n'chiti pakati pa zimene chomera chinabwera nazo, zimene chinasintha chitafika, ndi kuchuluka kwa njere zimene anthu anabzala. Paini anabzalidwa mahekitala ambiri, mobwerezabwereza, ndi anthu olipidwa kuti amusamalire. Ena amati chomera chilichonse chopatsidwa mwayi wotere chikhoza kuthawa, ndipo majini akungopatsidwa ulemu wosayenera. Ena amaloza mitengo ina imene inabzalidwa mochuluka chimodzimodzi koma sinasunthe. Kusiyana maganizoku kuli ndi ntchito yake: ngati vuto lili m'chibadwa cha chomera, boma likhoza kuyeza chomera chisanalowe m'dziko n'kuchikana, ngati lili m'kabzalidwe ndi m'moto, ndiye kuyezako sikukwanira.

Funso lachiwiri ndi la anthu. Rubus ellipticus, chitsamba chaminga chochokera kumapiri a Himalaya chimene chafalikira pa Mulanje ndi pa Zomba, chili pa mndandanda wa zamoyo 100 zolanda malo koopsa wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, koma zipatso zake zachikasu zimadyedwa ndi kugulitsidwa. Deliya, wochokeranso ku Mexico, wadzaza m'mbali mwa misewu, koma alimi amamugwiritsa ntchito ngati manyowa. Pa paini, osamalira zachilengedwe amati akanasiyidwa akanakuta udzu wa pamwamba pa phiri, kumene kuli zomera zosapezeka kwina, ndiponso akanamwa madzi amene amatsikira mu Likhubula, Thuchila ndi Ruo. Ena a m'midzi yozungulira amati paini atachotsedwa ocheka matabwa anatsala opanda chocheka, ndipo macheka ena analoza ku mkungudza. Onse awiri akunena zimene anaona. Ndani ayenera kugamula kuti chomera chawononga kuposa mmene chathandizira, ndipo amene wataya ganyu alipidwa ndi yani?

Lachitatu likukhudza mkungudza weniweniwo. Sunathe chifukwa cha paini yekha. Kudula mosaloledwa ndi moto ndi zimene zinaumaliza, moti kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Mbande mazana a zikwi zabzalidwa kuchokera nthawi imeneyo, zambiri zofesedwa m'manazale a m'midzi, ndi njere zochokera ku mitengo imene inabzalidwa kale m'malo ena monga pa Zomba. Apa vuto la makolo ochepa lija, limene namasupuni analizemba, lagwera mwini nthaka. Kodi mbande zimenezi zatenga kusiyanasiyana kokwanira kwa majini kuti zipirire nsabwe, chilala ndi kutentha kumene kukuwonjezeka? Mkungudza suberekana ndi mphukira ngati namasupuni, ndipo umatenga zaka zambiri kuti m'badwo umodzi ulowe m'malo mwa unzake, pamene njere za paini zikumerabe pa Chambe moto uliwonse ukadutsa, ndipo pakufunika anthu okwera phiri chaka ndi chaka kukazula.